Moto M'mbawa za Bambo

Bambo anga anayamba kudzala mitengo ine ndisanabadwe. Ntchito yawo inali ukalipentala, koma mtima unali pa gitala, ndipo kumapeto kwa sabata ankaimba m'bandi ina ya anzawo okalamba msanga. Tsiku lina gitala yawo inathyoka khosi. Anapita nayo kwa mmisiri wa zoimbira mkati mwa tauni, ndipo mmisiriyo anawauza kuti thabwa la khosi alibe. Anati mbawa yowongoka, yopanda mfundo, yokhwimira pamtengo, amisiri amailimbirana mpaka kudana. Bambo anabwerako ndi gitala yothyokabe. Mwezi usanathe anagulitsa makina awo opalira matabwa, nagula malo otsetsereka kumapeto kwa tauni, kumene kunali miyala ndi tchire lokhalokha.

Anthu anawapatsa dzina loti Azamawa. Malemu amayi ankaseka nawo. "Ana a anzathu akudya mapapaya a kuseri kwa nyumba," ankatero, "anga adzadya magitala."

Kumunsi kwa malowo, m'mphepete mwa msewu wafumbi, anadzala mbawa. Kumtunda anadzala phingo, mtengo wa mtima wakuda umene amapangira zitoliro. Phingo amakula ngati akuchita kukakamizidwa, moti bambo ankati ameneyo ndi wa zidzukulu za zidzukulu zawo. Kupitirira phingo kunali ngalande, ndipo kuseri kwa ngalandeyo kunayambira tchire la m'phiri.

Zaka zinapita, tauni inatipeza komweko. Tsidya lina la msewu kunamera nyumba zothithikana za mipanda ya udzu, golosale, sukulu ya mkaka, kashopu kanga kosokera zovala, ndi galaja ya amuna anga yodzaza matayala akale ndi migolo ya oilo. Msewu umene unalekanitsa zonsezi ndi mitengo ya bambo unali wopapatiza, woti magalimoto awiri sangaphonyane bwino.

Chaka chilichonse mvula ikatha bambo ankatchetcha okha udzu wa pansi pa mitengo. Aganyu sankawalola chichokereni pamene wina anatema khungwa la mbawa ndi chikwakwa. Ankati bala la pakhungwa limakalowa mpaka mkati, ndipo thabwa lake limadzaimba ngati munthu wa chimfine. Koma chaka china chifuwa chinawagoneka miyezi ingapo. Ife tinkati tikatchetche, iwo ankati tidikire adzuke. Dzuwa linafika poumitsa zonse udzu utatalika kufika m'chifuwa mwa munthu.

Tsiku limene ndikunenali linali lalikulu kwa iwo. Mwana wa mmisiri uja, amene anatenga ntchito ya bambo ake, ankabwera kudzasankha mbawa zoyamba kudula. Tinkangomutchula kuti Amagitala. Anali munthu wonenepa, wa nsapato zoyera, wothamanga mkamwa. Bambo anavala jekete ngakhale kunali kotentha, ndipo ine ndinatseka shopu kuti ndiwaperekeze.

Amagitala ankayenda ndi kanyundo ka mtengo. Akafika pa mbawa ankaizungulira, kuyang'ana m'mwamba, kenaka kugogoda thunthu khutu ali nalo pafupi. Ikamukomera ankailemba ndi choko.

"Iyi ndi mtsikana wa kwaya," anatero pa ina. "Iyo apo ndi chidakwa, yapindika ndipo mkati muli mphako."

"Chidakwacho ndinachidzala tsiku limene anabadwa uyu," anatero bambo akundiloza.

"Ndiye chatengera ndani?"

Tinaseka tonse. Ndinali ndisanawaonepo bambo akuseka choncho chimwalirireni amayi.

Fungo ndinayamba kulimva ndine. Ndinayesa wina akutentha zinyalala. Kenaka tiziphulusa takuda tinayamba kugwera pa malaya a Amagitala, ndipo mbalame zinadutsa pamwamba pathu zambirimbiri, zonse kulowera kumsewu. Titatuluka pa malo oonekera tinaona phiri lonse likufuka. Mphepo inkachokera komweko, yotentha, yolunjika kwa ife.

Bambo anatola khasu limene linali pa nazale yakale ya mbande, pakati pa munda, nayamba kukwera chakumtunda.

"Bambo, mukupita kuti?"

"Kungalande. Motowu ukaimira pamenepo."

"Ndi khasu limodzi?"

"Kaitane anthu, Chitsiriza. Abwere ndi nthambi zaziwisi. Thamanga!"

Chitsiriza ndi mmene amanditchulira, poti ndine womaliza kubadwa. Ndinapempha Amagitala kuti awatsatire, ine ndinathamangira kumsewu.

Kumsewu kunali kale chipwirikiti. Aphunzitsi a sukulu ya mkaka ankatulutsa ana atagwirana malaya, ndipo mwana wanga anali pamzere womwewo akulira. Amayi ena ankagwetsa mipanda ya udzu, ena ankaponya matilesi panja. Amuna anga anali pakati pa msewu mu ovolosi, akulozera anyamata kokankhira magalimoto a makasitomala. Nditawauza za bambo ananditengera pambali.

"Kungalande sikupita munthu," anatero. "Wauona motowo? Ukudumpha mitengo yathunthu. Ngalande ija siuimitsa."

"Ndiye titani?"

"Ukalowa mu udzu wa apongoziwu ndi mphepo imeneyi, ufika pano uli wamtali kuposa nyumba. Msewu uwu uuoloka ngati palibe. Kuli matayala uku, kuli oilo. Amayi ake a mayi wa pagolosale ali gone m'nyumba, sayenda, ndipo chitseko n'chopapatiza, bedi likukana kutuluka." Anapukuta nkhope ndi dzanja lakuda ndi girisi. "Tiyatse wathu kuchokera pamsewu pano. Uziyenda pang'onopang'ono kulimbana ndi mphepo, udye udzu wonse. Winawo ukafika upeze palibe chodya."

"Muyatse m'mbawa za bambo?"

"Zipsa ndithu, kaya tiyatsa kaya sitiyatsa. Koma tikayatsa ife, nyumba zitsala."

Anthu anali atatizungulira. Wina anali atakulunga kale chiguduli kumtengo, wina atanyamula kachigubu ka petulo. Mayi wa pagolosale anandigwira mkono. "Asisi, chonde. Amayi anga ali m'katimo."

Nthawi yomweyo Amagitala anatulukira m'mitengo akuthamanga, nsapato imodzi palibe.

"Akukana!" anafuula. "Ndawakoka, andiopseza ndi khasu. Akuti aliyense woyatsa moto m'munda mwawo ayambe wawatentha iwo."

"Ndikawatenga," ndinatero.

"Ndipita ndine," anatero amuna anga.

"Inu sakakumverani. Mukudziwa."

Ankadziwadi. Iwo ndi bambo sankamwerana madzi chiyambireni pamene amuna anga ananena pa chakudya kuti malowo atadulidwa mapuloti, tonse tikanapuma. Bambo sanaiwale.

Amuna anga anayang'ana kuphiri, kenaka anandiyang'ana ine. "Tamvera, mayi a mwana. Ndidikira mpaka pamene ndingathe. Ukamva hutala ya lole ikulira osaleka, usabwerere njira ino. Mutulukire cha kumbali, kumiyala kuja. Wamva?"

"Musayatse tisanatuluke."

"Wamva zimene ndanena?"

"Ndamva. Koma musayatse."

Anatembenukira kwa anyamata aja. Ndinavula nsapato zanga za ku shopu, ndinavala magambuti a mnyamata wina, n'kulowa.

Udzu unkandicheka m'manja ndi kumaso. Ndikamakwera utsi unkakulirakulira, dzuwa linasanduka kambale kofiira. Phokoso la moto ndinali ndisanalimvepo pafupi choncho. Limamveka ngati malole ambiri akutsika phiri limodzi, ndipo mkati mwake mumaphulika zinthu. Agwape awiri anandidutsa pafupi osandiona n'komwe.

Bambo ndinawapeza m'ngalande, akupala udzu wa m'mphepete. Anali atalambula kadera kotalika ngati chipinda chimodzi. Jekete anali atalipachika pa nthambi ya phingo. Ankapuma ngati mpope wotha.

"Anthu ali kuti?" anafunsa osatembenuka.

"Sabwera, bambo."

"Mwamuna wako wawaletsa."

"Palibe angaime pano. Taonani!"

Tsidya la ngalande, chapatali pang'ono, mtengo wina unayaka wonse nthawi imodzi kuchokera pansi mpaka kunsonga. Kutentha kwake kunandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni.

"Phingo uyu ndamuthirira ndi ndowa," anatero bambo. "Amako ankanditukwana, madzi ndikutunga usana wonse. Sanafike n'pa theka pomwe. Ndimusiye?"

"Mukafera pano adzamuthirira ndani?"

"Safunanso kuthirira. Afuna munthu womuimira lero lokha."

Ndinagwira khasu. Anakoka, inenso ndinakoka. Munthu wodwala uja mphamvu anazitenga kuti sindikudziwa. Tili mkati molimbana, hutala inayamba kulira kumunsi. Inalira, inalira, osaleka.

Bambo anasiya kukoka. "N'chiyani chimenecho?"

"Akuyatsa kuchokera kumsewu."

"M'mbawa?"

"Eya."

"Iwe uli muno?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo khasu linagwa lokha. Anatenga jekete lawo. "Tiye," anatero.

Tinalowera kumbali, kumiyala kumene amuna anga ananena. Sitinapite patali. Moto wa m'phiri unali utadumpha kale ngalande cha kumeneko, ndipo unkathamanga mu udzu kutitsekera njira. Tinabwerera. Kumunsi utsi wina woyera unkakwera pakati pa mbawa. Kumbali inayo kunali mpanda wa waya waminga umene bambo anaumanga okha kuti mbuzi zisalowe, wautali kuposa ine. Ndinayamba kuitana dzina la mwana wanga, sindikudziwa chifukwa chake.

"Leka phokoso," anatero bambo. "Kuthanki."

Pa nazale yakale panali thanki ya simenti yokumbira pansi, imene ankasungiramo madzi othirira mbande. Pozungulira pake panali pouma, popanda udzu, chifukwa ndi pamene ankakhala masana. Kuti tikafike pamenepo tinayenera kutsika kulowera ku moto wa amuna anga. Bambo anagwa kawiri konse. Kachiwiriko sanadzuke, ndipo ndinawakweza kumsana. Anali opepuka ngati mtolo wa nsalu. Ndinkangoti ndikaponda apa, ndiponde apo, maso akutuluka misozi, kukhosi ngati ndameza tsabola.

Thankiyo inali ndi madzi ofika m'chiuno, obiriwira, onunkha. Ndinawatsitsa, n'kudumphiramo. Tinanyika jekete lija n'kudzifunditsa kumutu tonse awiri, nkhope zili pafupi ndi madzi pamene mpweya unali wopumika. Achule ankatikwera m'miyendo.

Moto wa m'phiri ndi umene unayamba kufika. Kunada. Phokoso linadzaza thanki yonse moti bambo ankayankhula koma ndinkangoona milomo. Makala ankagwera pa jekete, tinkalimiza m'madzi n'kufundanso. Nthambi yoyaka inagwera m'mphepete, n'kunditentha paphewa. Bambo anayamba kutsokomola kosalekeza, kenaka mutu wawo unalemera pa mkono wanga. Ndinawagwira chibwano kuti chisamire, ndikuwauza zinthu zopanda mutu, za diresi la ukwati limene ndinali ndisanamalize kusoka, za mwana wanga amene anali atayamba kulemba dzina lake chobwerera m'mbuyo.

Sindingathe kunena kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Phokoso linayamba kutsika chakumunsi, kenaka linangozilala ngati wina watseka chitseko. Moto uja unali utakumana ndi unzake.

Ndinamva munthu akuitana, mawu osasa. Ndinayankha koma mawu sanatuluke. Ndinatola chidutswa cha njerwa n'kumamenya paipi ya thanki. Nkhope imene inasuzumira inali yakuda bii, nsidze zitapserera. Anali amuna anga. Anadutsa pa lupsa likufukabe, ndipo mabuti awo anali atasungunuka pansi. Anatsika, ananyamula bambo, kenaka anabwerera kudzanditenga ine. Pamene ankandikweza anatsala pang'ono kundigwetsa. Sindinawayang'ane kumaso.

Nyumba zonse zinatsala. Unapsa ndi mpanda umodzi ndi mulu wa matayala umene anyamata anauthira mchenga. Amayi odwala aja a pagolosale anawatulutsira pawindo, atagumula mafelemu.

Bambo anakhala m'chipatala masabata angapo, ali ndi chipaipi cha mpweya pamphuno. Ine anandimanga bandeji paphewa n'kunditulutsa mawa lake. Amuna anga ankabwera masana alionse ndi mapazi omangamanga, koma ankathera pakhonde. Tsiku lina bambo anachotsa chipaipi chija n'kunena kuti, "Kamuitane mkamwini."

Analowa chipewa chili m'manja, naima kumiyendo kwa bedi.

"Munayatsa ndinu?"

"Ndine, bambo."

"Ndi dzanja lanu?"

"Enawo ankaopa. Ndinalanda muuni."

"Mukudziwa kuti mwana wanga ali mkati?"

"Ndinkayembekeza kuti mwatulukira kumiyala."

"Sindinafunse zimene munkayembekeza."

Amuna anga anayang'ana pansi. "Ndinkadziwa kuti mwina muli mkati."

Wodwala wa bedi loyandikana anasiya kutafuna. Bambo anabwezera chipaipi pamphuno, napuma kangapo, nachichotsanso.

"Mbawa zolembedwa choko zija zilipo?"

"Zaima zonse. Makungwa apsa mpaka pamene ndingafike ndi dzanja. Phingo wa kungalande wapsa kwambiri, koma wa pakati akuoneka ngati aphuka."

"Musalole munthu adule kanthu mpaka mvula igwe. Anthu a makala ayamba kuzungulira."

"Ayamba kale. Ndawathamangitsa dzulo."

"Chabwino. Pitani mukakhale pansi, mapaziwo."

Zinathera pomwepo. Sanawakhululukire ndi mawu, sanawatukwanenso. Ine ndiye zinandikanika. Anthu a mumsewu mwathu ankawaimika amuna anga kuwathokoza, mayi wa pagolosale anasiya kuwalipiritsa sopo, ndipo ine ndikamva zimenezo ndinkangochokapo. Ndinkadziwa kuti akanadikira pang'ono pokha moto ukanaoloka. Ndinaona ndi maso anga pamene unakaimira, masitepe ochepa kuchokera pamsewu. Komabe ndinasamukira kuchipinda kwa mwana, ndikunamizira phewa. Tinkayankhulana za sukulu, za magetsi, za mankhwala a bambo, basi.

Mvula itagwa n'kutha, Amagitala anabwera ndi anthu ocheka. Bambo tinawakhazika pampando pamthunzi, chifukwa kuyenda mtunda anali atasiya. Mbawa yoyamba itagwa, tonse tinathamangira kutsinde. Moto unali utalowa. Chigawo cha m'munsi, chonenepa kwambiri chija, chinali ndi ming'alu yakuda yolowa mpaka pamtima. Amagitala analamula kuti adule chidutswa, kenaka china, akukwera m'mwamba. Atafika cha pamene pangalekeze mutu wa munthu, thabwa linatuluka lopanda banga, lofiirira, mizere yake yowongoka. Analigogoda ndi chala, naliika pakhutu la bambo, nagogodanso.

"Mwataya gawo labwino koposa, mdala," anatero. "Sindikunamizani. Koma chatsalachi ndichitenga. Chiume kaye zaka zingapo pamthunzi, ndiye tidzaone."

"Zaka zinanso," anatero bambo. Anapempha kachidutswa kuti akagwire, ndipo anakhala nako pamiyendo tsiku lonse.

Mwa mitengo yolembedwa ija, ina inapezeka yowonongeka mpaka pamwamba, yongoyenera mabenchi. Yambiri inali ngati yoyambayo.

Madzulo ake ine ndi amuna anga tinkasanja matabwa mushedi kuseri kwa galaja, tikuika timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Iwo anagwira mbali ina, ine ina. Tinali awiriwiri koyamba patapita nthawi yaitali.

"Ndikufunseni chinthu," ndinatero.

"Funsa."

"Akanakhala mwana wathu mkati muja, mukanayatsa?"

Anatsitsa thabwa pang'onopang'ono, nalikankha kuti lifanane ndi linzake.

"Ayi," anatero. "Sindikanatha. Nyumba zikanapsa, ndi amayi aja omwe."

"Koma ine munatha."

"Ndinatha."

Ndinakhala pa mulu wa matabwa. Panja anyamata ankatsuka zitsulo, wailesi ikulira. Ndinkafuna kukwiya, ndipo ndinadikira kuti mkwiyo ubwere, koma chimene ndinamva chinali kutopa.

"Nanga iwe?" anafunsa. "Ndikanakhala ine mkati, muuni uli m'manja mwako, mwana ali kuseri kwako pamsewu?"

Ndinaliganizira funsolo moona mtima. Ndinaona mzere wa ana aja, ndi migolo ya oilo, ndi phiri likubwera.

"Ndikanayatsa," ndinatero. "Mwinanso msanga kuposa inu."

Anagwedeza mutu. Sanaseke, inenso sindinaseke. Patapita kanthawi anati kunja kukuda ndipo matabwa akagona pabwalo amwa mame. Ndinadzuka, ndinagwira mbali yanga, tinapitiriza kusanja mpaka onse analowa.